Lipoti la nkhani: Sienta yomwe inkawira fani ikuzungulira

Galimoto ya m'nkhaniyi ndi Toyota Sienta ya 2008, ya injini ya 1NZ-FE, malita 1.5, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam n'kudzasanduka mateksi. Mwini wake ndi mayi wina wa bizinesi wa ku Matawale. Analemba dalaivala, mnyamata wodekha ndithu, kuti azinyamula anthu mumsewu wa M3, makamaka pakati pa Zomba ndi Liwonde, ndipo ikapezeka hayala ya alendo ankakwera nayo ku Chawe. Inafika pagalaja pathu kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, itayenda makilomita opitirira 210,000. Madandaulo anali awiri: ikuwira, komanso batire ikumapezeka itatha m'mawa. Mayiwo anabwera atatsimikiza kale kuti gasket, chomatira cha pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko, yapsa, poti amisiri ena anali atawauza choncho, ndipo kwa ine ankangofuna mtengo wotsegulira injini basi.

Aliyense amene anaigwira galimotoyi isanafike kwa ife anasuzumira fani, n'kuiona ikuzungulira, n'kunena kuti kumeneko kulibe mlandu. Inkazunguliradi. Koma vuto lonse linayambira komweko, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti ndilembe nkhaniyi kuti anzanga apantchito aione.

Mmene zinayambira

Mbiri ndinaitenga kwa dalaivala, mayiwo atapita kumsika. Pamaso pa bwana wake dalaivala amayankha modziteteza, ndipo zomwe amabisa nthawi zambiri ndi zomwe makaniko akuzifuna.

"Achimwene, tsiku loyamba limene nyali yofiira inayaka munali pati?"

"Pa depoti, bwana. Ndinali pamzere kudikira kudzadza, injini ikungolira. Nditatuluka n'kufika cha ku Chinamwali inazima yokha."

Kumeneko kunali kumapeto kwa Seputembala. Sienta ya mtunduwu ilibe kasingano koonetsa kutentha. Ili ndi kanyali kabuluu koyaka injini ikakhala yozizira ndi kofiira koyaka zinthu zikafika poipa, ndiye dalaivala saona kutentha kukukwera pang'onopang'ono. Amangoona zitachitika kale. Nyaliyo inayakanso pamzere wa pa lodibuloko, kenako pakati pa tauni tsiku lina magalimoto atathinana. Ulendo uliwonse inkazima galimoto ikayamba kuthamanga. Madzi akachepa ankathira omwe wawapeza, a pampopi kunyumba, ndipo masiku ena a pamjigo cha ku Jali, komwe mijigo ina imatulutsa madzi amchere.

Makaniko woyamba anatsuka rediyeta. Wachiwiri anachotsa thermostat, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, n'kumuuza mnyamatayo mawu omwe tonsefe tinawamvapo, akuti thermostat ndi ya ku Japan kozizira, kuno ku Malawi ilibe ntchito. Wachitatu, wa zamagetsi, analumikiza fani dayilekiti, kutenga moto pa batire ndi waya wodutsa pa kaswichi komwe anakamangirira pansi pa chiwongolero. Kuyambira pamenepo batire inayamba kutha, chifukwa fani inkalira ngakhale kiyi itazimitsidwa, ndipo mnyamata akaima kudya nsima kapena akafika kunyumba atatopa ankaiwala swichiyo. Mayi anagula batire yatsopano. Nayonso inayamba kutha. Kumapeto kwa Okutobala, akukwera ku Chawe ndi alendo anayi ndi katundu wawo, madzi anawira mpaka nthunzi kutuluka m'mbali mwa boneti. Anaima, anadikira, anathira madzi, n'kutsika. Kuchokera tsiku limenelo galimoto inkafuna madzi tsiku lililonse.

Mbiri imeneyi ikunena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuzisakaniza ndi komwe kunasokoneza anthu. Galimoto yotentha itaima koma n'kumazizira ikamathamanga ili ndi vuto la mphepo. Pamsewu mphepo imadzilowera yokha pa rediyeta, pomwe pamzere ndi fani yokha imene imakoka. Galimoto yotentha pokwera chitunda kapena pothamanga ndi ina, ndipo apo timaganizira kayendedwe ka madzi, rediyeta yotsekeka, chivindikiro chotha kapena gasket. Iyi inayamba ndi vuto loyambalo kwa mwezi wathunthu. Lachiwiri linabwera pambuyo, anthu atayamba kale kuigwiragwira.

Zomwe zinaoneka titatsegula boneti

Injini itazizira tinatsegula chivindikiro cha rediyeta. Madzi anali ofiira ngati dothi, opanda ngakhale kafungo ka coolant, mankhwala aja osakaniza ndi madzi a rediyeta, ndipo pakhosi pa rediyeta panali ufa woyera. Injini ya 1NZ-FE ndi ya aluminiyamu, hedi ndi buloko yomwe, ndipo aluminiyamu akadyeka amasiya ufa woyera umenewu. Kufiirako kunkachokera m'mapaipi achitsulo. Labala ya chivindikiro inali itauma n'kung'aluka. Pamwamba pake panalembedwa 1.1, kutanthauza mphamvu ya mpweya ya 1.1 bar imene chiyenera kusunga, koma pa pampu yoyezera chinkatsegula chisanafike 0.5.

Pamenepa ndiimepo pang'ono, chifukwa chivindikiro n'chotchipa ndipo anthu amachipeputsa. Madzi amawira pa madigiri 100 kunyanja yamchere. Kuno ku Zomba, pamtunda wa mamita pafupifupi 900, amawira cha pa 97, ndipo pamwamba pa phiri amawira msanga kuposa apo. Chivindikiro chabwino cha 1.1 chimakankhira kuwirako cha ku madigiri 120. Chathu chija chinkangofikitsa cha pa 107. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumapulumutsa injini pa chitunda cha ku Chawe, pomwe galimoto ili pa giya yaing'ono, injini ikulira kwambiri, mphepo yapamsewu palibe. Madzi omwe dalaivala ankathira tsiku ndi tsiku sankalowa m'masilinda ayi. Ankawira, n'kukankhidwira mu kathanki kapambali, n'kusefukira pansi. Mizere ya dothi louma pansi pa kathankiko inkaonetsa zimenezo.

Thermostat inalibemo, monga tinauzidwira. Pa injini iyi thermostat imakhala polowera madzi ochokera ku rediyeta, ndipo ili ndi ntchito yachiwiri imene ochotsa saidziwa. Ikatseguka, kambale kake kakumbuyo kamatseka njira yachidule imene madzi amazungulira nayo m'injini momwemo osapita ku rediyeta. Ukaichotsa, njira ija imakhala yotsegula nthawi zonse, ndiye gawo lina la madzi otentha limangobwerera m'injini osazizira. M'mawa galimoto imachedwa kutentha n'kumamwa mafuta ambiri, ndipo pa chitunda rediyeta sigwira ntchito yake yonse.

Lamba anali wolobodoka, nthiti zake zitasalala mpaka kunyezimira. Pa 1NZ-FE lamba mmodzi yemweyu amayendetsa alternator, yomwe imachaja batire, ndi pampu ya madzi, ndiye akamaterereka amachepetsa zonse ziwiri, chaji ndi kayendedwe ka madzi. Batire itapuma inaonetsa 12.1 V, pomwe yodzaza imakhala cha pa 12.6. Injini ikulira galimoto itaima, fani ili yoyaka, pa batire panali 13.2 V, kumalire enieni apansi. Mayi anali atauzidwanso kuti alternator yatha. Ndinawapempha kuti asagule kaye mpaka tione lamba watsopano atichitira chiyani.

Zonsezi n'zolakwika zenizeni, ndipo munthu akanatha kuzikonza n'kutulutsa galimoto akudziona kuti wagwira ntchito. Koma palibe chimodzi mwa izo chomwe chinkafotokoza nyali yoyamba ija ya pa depoti mu Seputembala, thermostat ikadalimo, mawaya asanakhudzidwe.

Fani

Titayatsa swichi ija, fani inazungulira. Chomwe sichinandikhutiritse ndi kalilidwe kake. Fani ya Sienta ikamakoka bwino umaimva uli kumbuyo kwa galimoto, ndipo pepala ukaliika kutsogolo kwa girilo limamatirira. Iyi inkangong'ung'udza, ndipo pepala linagwira pang'ono n'kutsetsereka kugwa.

Poyamba munthu amaganiza kuti mota yatopa, makala atha. Tisanaimasule tinayeza magetsi pa soketi ya mota, fani ikuzungulira, soketi ili yolumikiza, ma probe titabaya kumbuyo kwake. Mita inaonetsa 9.3 V, pomwe pa batire panali 13.2. Ma volt pafupifupi anayi ankatayika panjira. Tinayeza mbali iliyonse payokha. Kuchokera pa + ya batire kufika pa + ya mota, mita inaonetsa 1.5 V. Ameneyo anali waya wa dayilekiti uja, woonda ngati wa sipika ya wailesi, wodutsa pa swichi yosapangidwira katundu wotere, wopanda fyuzi ngakhale imodzi, ndipo pulasitiki ya swichiyo inali itayamba kusungunuka. Kuchokera pa waya wa earth wa mota, wobweza magetsi kudzera m'chitsulo cha galimoto, kufika pa − ya batire, mita inaonetsa 2.4 V. Mbali imeneyi siyenera kupitirira 0.2.

Mnyamata wanga wophunzira ntchito anali atayeza kale earth yomweyo m'mawa ndi mita ili pa belu, fani itazima, ndipo belu linalira. Pa ma ohm inaonetsa 0.3, nambala yomwe mawaya a mita eni ake amatha kuonetsa ukangowagunditsa okhaokha. Wina aliyense akananena kuti earth ili bwino. Koma mita ikakhala pa belu imangodutsitsa kamoto kochepetsetsa, komwe kamadutsa ngakhale pa kaulusi kamodzi ka waya. Mota yathu inkakoka ma amp pafupifupi 8. Ma amp 8 kuchulukitsa ndi ma ohm 0.3 ndi 2.4 V, ndendende zomwe tinapeza. Belu la mita limangokuuza kuti njira ilipo. Silikuuza ngati njirayo ingathe kunyamula katundu.

Mota ya mtunduwu liwiro lake limatsika pamodzi ndi ma volt. Pa 9.3 m'malo mwa 13 ndi kanthu, fani inkazungulira cha pa magawo asanu ndi awiri mwa khumi a liwiro lake. Mphamvu yokokera mphepo kudutsa m'zipsepse imatsika kwambiri kuposa liwirolo, imafika cha pa theka, ndipo zipsepse za rediyeta ndi za condenser ya AC zinali zitamatika fumbi la m'misewu yadothi. M'mwezi wa Ogasiti, kukadali kozizira, theka limenelo linkakwanira. Mu Okutobala silikanakwanira.

Ndili mkati mofufuza komwe earth ija ikuthera, dalaivala ananena mawu omwe iye sankawaona ngati a nkhaniyi.

"Bwana, muonekonso indiketa yakumanzere. Apolisi anandiuza kuti ikuwala ngati koloboyi yatha parafini. Babu ndinasintha koma ili chomwecho."

Tinayatsa indiketa fani itazima, inawala bwinobwino. Titayatsa fani, yakumanzere kutsogolo inafooka pomwepo, yakumanja osasintha. Zinthu ziwirizi zinkagawana earth imodzi.

"Galimotoyi inagundapo kutsogolo kumanzereku?"

Anakhala chete kaye. Kenako anati mu Ogasiti anagunda mbuzi cha ku Domasi, nyali inasweka, chitsulo chinapindika, mayi akudziwa, ndipo anakaiwongoletsa n'kuipenta. Palibe amene anaganiza zoti mbuzi ya mu Ogasiti ingakhudzane ndi kuwira kwa mu Okutobala.

Titachotsa nyali yakumanzere tinapeza bawuti imene mawaya a earth amamangidwapo. Wowongola uja anapenta chitsulo chonse bwino kwambiri, pulaimala, penti ndi vanishi, n'kumanga mawaya pamwamba pa pentiyo. Bawuti yeniyeni inasowa, ndiye anaikapo ina yaifupi yomwe inkangogwira mano awiri. Magetsi onse a fani ankadutsa pa mano awiriwo, omwe anali atayamba dzimbiri. Kuzungulira mutu wa bawuti penti anali atasanduka wabulawuni, kamkombero kaukulu wa ndalama yachitsulo, ndipo fani itayenda mphindi zochepa bawutiyo inkatentha yosagwirika. Ma volt 2.4 pa ma amp 8 ndi ma watt pafupifupi 19, omwe m'malo mozunguza fani ankawotcha penti.

Wa zamagetsi amene analumikiza dayilekiti anasintha mbali ya + yokha, imene inalibe vuto, n'kuisiya earth momwe inalili. Waya wake woonda unawonjezera kutaya kwina, ndiye fani inafooka kuposa mmene inalili asanaigwire. Mawaya akale tinawapeza atadulidwa n'kukulungidwa ndi tepi. Relay, swichi yodziyatsa yokha ya fani, inali yamoyo, fyuzi yake ya 30 A inali yamoyo, ndipo sensa ya kutentha inapereka ma ohm cha pa 2,400 m'madzi a madigiri 20 ndi cha pa 320 m'madzi a madigiri 80, momwe iyenera kukhalira.

Kutsegula injini kapena ayi

Kupeza earth yowola sikukutanthauza kuti gasket yapulumuka. Injini ya aluminiyamu imene yawira pa phiri imatha kupindika hedi, ndipo ine sindikanalumbira popanda kuyeza. Mayi atabwerako kumsika ndinawafotokozera kuti tiyese njira zitatu tisanamasule bawuti ngakhale imodzi ya hedi.

Yoyamba ndi ya mankhwala abuluu aja oika pakhosi pa rediyeta injini ikulira, omwe amasanduka achikasu ngati utsi wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Tinayesa injini itatentha bwino, tikuponda ndi kusiya mafuta, ndipo anakhalabe abuluu. Yachiwiri ndi compression, kuyeza mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Masilinda onse anayi anali pakati pa 12.5 ndi 13 bar, pamwamba pa malire apansi a injiniyi omwe ali cha pa 11, ndipo kusiyana kwake sikunafike 1 bar. Yachitatu, tinapopa mpweya m'rediyeta mpaka 1.1 n'kuisiya usiku, mapulagi titachotsa. M'mawa kasingano kanali katatsika pang'ono chabe, ndipo titaunika m'mabowo a mapulagi mitu ya mapisitoni inali youma, yakuda mofanana. Pisitoni yomwe ikumwa madzi imaoneka yoyera ngati yotsukidwa. Oyilo analibe thovu loyera, ndipo ku ekizosi kunalibe nthunzi injini itatentha.

Kuyeza kumodzi kokha sindikanakukhulupirira, makamaka kwa mankhwala abuluu, chifukwa gasket yong'aluka pang'ono nthawi zina imangotulutsa utsi pa katundu wolemera. Zitatu zikagwirizana, kutsegula injini n'kungowononga ndalama za mwini wake komanso kuika pachiswe injini imene sinatsegulidwepo chichokereni ku fakitale. Mayiwo sanakhutire msanga.

"Ndiye mukuti bawuti imodzi ndi imene yandidyera ndalama zonsezi?"

"Inayamba ndi bawutiyo, mayi. Zinazo zinabwera pofuna kuithawa."

Ndinawaitana kuti aone okha. Mnyamata wanga anagwira waya wa jampa, mbali ina pa − ya batire, ina pa earth ya mota, fani ikuzungulira. Atangogunditsa, kalilidwe kanasintha nthawi yomweyo ndipo pepala linamatirira pa girilo. Atachotsa, linagwa. Ndimakonda kuonetsa eni galimoto zinthu zotere, chifukwa manambala a pa mita sawauza kanthu munthu amene wauzidwa kale kuti injini yake yafa.

Zomwe tinakonza ndi zomwe tinasiya

Pa earth tinapala penti ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, tinatsuka mano a bowo, tinadula timphete ta mawaya tomwe tinapsa n'kufinyira tatsopano, n'kumanga ndi bawuti ya utali woyenera. Girizi tinapaka pamwamba titamanga kale, kuti mvula ikayamba madzi asalowe. Waya wa dayilekiti ndi swichi yake tinazichotseratu, n'kubwezeretsa mawaya akale kudzera pa relay ndi fyuzi. Dalaivala anapempha kuti swichi itsale yoti azidalira zinthu zikavuta. Ndinakana. Waya wopanda fyuzi wochokera pa batire kudutsa pa chitsulo kulowa mkati mwa galimoto yonyamula anthu ndi moto womwe ukungodikira tsiku lake.

Lamba tinaika watsopano n'kumukoka pa alternator, ndipo chaji inakwera kufika 14.1 V, mkati mwa malire a Toyota a 13.2 mpaka 14.8. Alternator sinakhudzidwe. Batire tinaichajitsa pang'onopang'ono pa chaja ya pagalaja ndipo inabwerera, poti inali isanakhalitse. Pa mota tsopano panafika 13.8 V, kutaya kwa mbali ya + kunali 0.2, kwa earth kosafika 0.1.

Thermostat yatsopano tinaiyesa mumpoto tisanaiike, chifukwa zabodza zachuluka m'mashopu. Iyenera kuyamba kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, n'kutseguka mamilimita opitirira 8 pofika 95. Kuno ku Zomba madzi a mumpoto amangokwanira kufika pamenepo asanawire. Poika, kachitsulo kaja kogwedera kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzitulukirapo. Zipsepse tinazitsuka ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera mkati kupita kunja, ndipo m'kati mwa injini tinatsuka mpaka madzi kutuluka oyera, hita ili yotsegula.

Chinatsala ndi rediyeta. Thanki yake yapamwamba ndi ya pulasitiki, ndipo inali itasintha mtundu kuchoka pa wakuda kukhala wabulawuni, chizindikiro choti yapsa ndipo yayamba kufumbutuka. Sinkadontha, koma kwa miyezi yonseyi inkakhala pa mphamvu yosafika theka chifukwa cha chivindikiro chotha chija. Chivindikiro chatsopano chikanaibwezera 1.1 yonse tsiku lililonse. Ndinawauza mayi kuti isinthidwe pompano. Anati ndalama zomwe zatsala ndi za feteleza, mvula ili pafupi. Pali amisiri ena omwe pamenepa amabwezera chivindikiro chofooka kuti thanki isaphulike, koma kutero n'kuteteza pulasitiki pogulitsa hedi. Tinaika chivindikiro choyenera n'kugwirizana zinthu zitatu: ku Chawe isakwere kaye, dalaivala aziona madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo akamva fungo lotsekemera kapena kuona nyali yofiira aime pomwepo n'kuzimitsa. Ndinazilemba pa WhatsApp kwa onse awiri. Poti madziwo akanatha kutayika tsiku lililonse, tinathira coolant gawo limodzi mwa magawo atatu, otsalawo madzi oyera aja othira mu batire (osati asidi), m'malo mwa theka ndi theka.

Titatulutsa mpweya, kutsogolo titakweza, tinalumikiza makina a diagnosis n'kuisiya galimoto ikulira padzuwa masana. Kutentha kunakwera mpaka kupitirira pang'ono madigiri 95, fani inayaka yokha, inatsitsa madigiri angapo m'kanthawi kochepa, n'kuzima. Inachita choncho mobwerezabwereza osakwera kupitirira apo. Indiketa yakumanzere inkawala mofanana ndi inzake.

Kubweranso

Patapita masabata ochepa dalaivala anaimba foni ali pafupi ndi Liwonde, komwe n'kotsika komanso kotentha kuposa kuno. Anamva fungo lija, anaima, anazimitsa, ndipo chivindikiro sanachigwire. Thanki inali itang'aluka pafupi ndi paipi yapamwamba, mng'alu wa utali wa chala. Nyali yofiira inali isanayake. Galimoto inakokedwa kubwera ku Zomba.

Mayi anafika atakwiya, akuti chivindikiro chathu ndi chomwe chaswa rediyeta. Mwa njira ina ankanena zoona, ndipo sindinatsutse. Ndinangowaonetsa uthenga uja, n'kuthyola kachidutswa ka thankiyo ndi zala kuti aone mmene kakufumbutukira. Nkhani inasanduka ya kusankha: kumata mng'aluwo, kugula rediyeta yakale yochotsedwa pa galimoto ina, kapena yatsopano. Kumata pulasitiki yopsa sikukhalitsa, imang'alukanso pambali pa pomwe wamata. Yakale ya Sienta ya zaka zomwezo imakhala ndi pulasitiki ya msinkhu womwewo, ndipo ziwiri zomwe anatibweretsera kudzaona zinali zitayamba kale kufiira. Anagula yatsopano, yosakhala ya Toyota. Tisanaimange tinaonetsetsa kuti chikuta cha fani chikukhala bwino popanda mipata m'mbali, chifukwa mpata ukakhalapo fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo mwa yodutsa m'zipsepse. Ulendo uno tinathira coolant theka ndi theka. Wakaleyo tinamusunga m'chigubu chotseka, poti ndi wotsekemera koma ndi poizoni, ndipo agalu ndi nkhuku za pafupi ndi galaja zimamwa zikamupeza pansi.

Mankhwala abuluu tinayesanso ndipo sanasinthe. Kenako tinakwera nayo ku Chawe, makina ali olumikiza, anthu anayi mkati. Pa makhotakhota apamwamba kutentha kunafika cha pa 97, fani inayaka, ndipo sikunapitirire. Potsika kunakhazikika cha pa 83, kusonyeza kuti thermostat ikugwira.

Galimotoyi inabweranso mu Januwale kudzasintha oyilo, mvula ili mkati. Earth inali youma, kutaya kwake kukadali kosafika 0.1 V, coolant ali pamzere wake, batire ili 12.6. Dalaivala akuti mafuta akumwa ochepa kuposa nthawi imene thermostat inalibemo. Pali zinthu ziwiri zomwe tikuziyang'anirabe. Injini yayamba kudya oyilo pang'ono pakati pa sevisi ndi sevisi, zomwe sinkachita kale, ndipo ndikuganiza kuti kutentha kwa mu Okutobala kunaumitsa timalabala ta mavavu kapena kufooketsa maring'i. Utsi sukuoneka, ndiye pakadali pano tangomuuza kuti aziona oyilo sabata iliyonse n'kumalemba zomwe wathira. Chachiwiri ndi paipi yachitsulo yopita ku hita, imene yadyeka ndi dzimbiri polumikizira labala. Sikudontha, koma ndi yoonda, ndipo mayi avomera kuti tidzaisinthe pa sevisi ikubwerayi.